Khansa ya M'kamwa ndi Pakhosi: Zomwe Ofufuza Apeza Posachedwa

Khansa ya m'kamwa, lilime ndi kummero imayamba mwakachetechete. Kamakhala kachilonda m'mbali mwa lilime kosapola, mawu osasa mosalekeza, kapena chotupa pakhosi chonga mwanabele koma chosapweteka. Fodya, kaya wosuta kapena woika m'kamwa, ndi mowa ndiwo amayambitsa kwambiri, makamaka akaphatikizana. Kachirombo ka HPV, kaja koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamabweretsanso khansa ya kummero.

Kwa nthawi yaitali thandizo linali opaleshoni, kuwotcha khansa ndi makina, ndi mankhwala monga cisplatin. Tsopano kwabwera mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizizindikira khansa, monga pembrolizumab ndi nivolumab. Mu 2025, kafukufuku wa KEYNOTE-689, wa odwala 714, adapeza kuti opatsidwa pembrolizumab opaleshoni isanachitike komanso itachitika ankatha pafupifupi miyezi 52 matenda osabwerera kapena kukula, pomwe omwe sanapatsidwe mankhwalawa ankatha miyezi 30.

Vuto ndi mtengo: mankhwalawa ndi okwera kwambiri. N'chifukwa chake zomwe adachita madokotala a chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, ku India, zikutikhudza ife. Iwo adapereka nivolumab wochepa zedi, mamiligalamu 20 okha milungu itatu iliyonse, pamodzi ndi mapiritsi otsika mtengo, kwa odwala omwe khansa yawo inali itafika patali. Patatha chaka, odwala 43 pa 100 alionse anali moyo, pomwe mwa omwa mapiritsi okha anali 16. Si kuchira ayi, koma ndi miyezi yomwe banja limakhala ndi munthu wawo.

Komabe kafukufuku woyenera kumumvetsera kwambiri ndi wakale, wa ku Kerala, ku India komweko, wofalitsidwa mu 2005. Alangizi azaumoyo ankangoyang'ana m'kamwa mwa anthu ndi maso, ndipo pakati pa osuta ndi akumwa mowa, imfa za khansa ya m'kamwa zidachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Choncho musadikire. Chilonda cha m'kamwa, chigamba choyera kapena chofiira, kusasa mawu, kuvutika kumeza, kapena chotupa pakhosi zikadutsa milungu itatu, pitani kuchipatala. N'zoona kuti kuno ku Malawi zotupa zambiri zapakhosi zimakhala za TB. Koma ngati mwamwa mankhwala a TB chotupa osaphwa, bwererani mukapemphe kuti atengeko kamnofu kokapima. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, ndipo chipatala cha boma lanu chingakutumizeni.

Siyani fodya, chepetsani mowa. Ana anu aakazi alandire katemera wa HPV, yemwe Malawi idayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.