Mapulasitala ochititsa dzanzi: kamatidwe kake ndi pamene pali ngozi

Mapulasitala ochepetsa ululu pochititsa dzanzi amene amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ambiri amakhala ndi mankhwala a lidocaine okwana 4 peresenti. A 5 peresenti madokotala amalembera makamaka anthu amene ululu wa mashingozi unawatsalira zilonda zitapola.

Lidocaine amatseka tinjira tolowera sodium (mchere wina wa m'thupi) m'mitsempha yonyamula uthenga ya pakhungu, choncho uthenga wa ululu sufika ku ubongo. Koma salowa patali. Amathandiza pa msana wolimba, khosi kapena phewa lowawa chapamwamba. Ululu wa mkati mwa thupi monga wa m'mimba sauchotsa, ndiponso chimene chikuyambitsa ululuwo sachichiza.

Tsukani malowo, muumitse bwino, osadzola mafuta chifukwa pulasitala sagwira. Ngati pali ubweya, dulani ndi sizasi. Lezala imasiya timabala tosaoneka, ndipo mankhwala amalowa ochuluka pakhungu losupuka. Matani mmodzi basi. Achotsedwe akakwana maola olembedwa papaketi, amene amakhala 8 kapena 12 malinga ndi mtundu wake. Mukamata, sambani m'manja musanagwire maso.

Chimodzi mwa zimene zimavulaza anthu ndi kutentha. Munthu amamata pulasitala, kenako n'kuikapo botolo la madzi otentha kuti ululu uthe msanga. Kutenthako kumakuza mitsempha ya magazi, lidocaine amatha kulowa m'thupi mofulumira kuposa mmene chiwindi chingamuchotsere, komanso khungu lachita dzanzi silimva kuti likupsa. Kumangapo bandeji yothina nakonso kumawonjezera mankhwala olowa. Akachuluka m'magazi, milomo ndi lilime zimachita dzanzi, m'makutu mumalira, pamabwera chizungulire, maso amachita chidima, ndipo zikafika poipa munthu amagwa ngati wakhunyu kapena mtima umagunda mosokonekera. Zikayamba, matulani pulasitalayo n'kuthamangira kuchipatala. Chimodzimodzi milomo ikasanduka yabuluu.

Odwala chiwindi, omwa mankhwala owongolera kagundidwe ka mtima monga mexiletine, amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 12 asamate asanafunse dokotala.

Pulasitala wogwiritsidwa kale ntchito amakhala adakali ndi mankhwala ambiri. Mupindeni kuti mbali yomata igwirane, n'kumutaya kumene mwana kapena galu sangamutole n'kutafuna. Ululu ukapitirira masiku 7, kapena ukatha n'kubweranso patangopita masiku ochepa, siyani kumata mukapimidwe.