Simukadi yanu ili m'dzina la ndani? Mafunso ndi mayankho kwa apaulendo

Anthu ambiri kuno ku Zomba amakumbukira za kalembera wa simukadi pokhapokha foni ikatayika, ndipo foni imakonda kutayikira kutali ndi kwathu. Mafunso otsatirawa amamveka kawirikawiri pakati pa ophunzira a ku Chirunga, amalonda oyenda mumsewu wa Blantyre ndi Liwonde, komanso alendo obwera kudzakwera phiri.

Lamuloli likuti chiyani?

Lamulo loyendetsa nkhani za mauthenga la mu 2016, lotchedwa Communications Act, limati simukadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Bungwe loyang'anira ntchitoyi ndi la MACRA. Kalembera anayamba mu 2018, boma litangochititsa kalembera wa unzika wa mu 2017, ndipo tsiku lomaliza kulembetsa manambala akale linali 30 Sepitembala 2018. Kuchokera pamenepo simukadi yatsopano siyenera kugwira ntchito isanalembetsedwe, kaya ndi ya TNM kapena ya Airtel. Musaiwale kuti kasimukadi kamene kali mu MiFi (kachipangizo ka intaneti koyenda nako) kapena mu rauta ya kunyumba nako kali pansi pa lamulo lomweli, ngakhale simukaimbira foni.

Ndipite ndi chiyani kokalembetsa?

Mmalawi atenge chiphaso cha unzika chochokera ku NRB, bungwe la kalembera wa unzika, mlendo wakunja atenge pasipoti. Pitani nokha, musatume munthu. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho mwana wosafika pamenepo apite ndi kholo kapena womuyang'anira. Akamaliza kulemba, pemphani kuti akuwerengereni dzina limene lalowa m'makina. Chilembo chimodzi chikaphonyeka lero chidzakuvutitsani tsiku lokabwezeretsa nambala.

Pa depoti pali mnyamata wogulitsa simukadi yolembetsa kale. Ndangotsika basi ndipo ndikufuna intaneti msanga. Ndigule?

Musagule. Ndikudziwa mmene zimakokera: mwatopa, katundu ali m'manja, mukufuna kuuza akunyumba kuti mwafika, ndipo mnyamatayo akuti, "Bwana, ingoikani m'foni, ikugwira kale." Ikugwiradi, koma ikugwira m'dzina la munthu amene simukumudziwa. Mwezi ukatha nambala ija mwaigawira abale ndi makasitomala, mwatsegulira WhatsApp, mwaipereka kubanki, ndipo ndalama za Mpamba kapena Airtel Money zayamba kulowa. Zili ngati kumanga nyumba ya njerwa zootcha pa malo a eni.

Tsiku limene simukadiyo idzatayike kapena kuwonongeka, ku ofesi adzakufunsani chiphaso, ndipo dzina lanu silidzagwirizana ndi la m'makina. Ogwira ntchito kumeneko sadzakhala akukuzunzani akakana kukuthandizani. Akadamapereka nambala kwa aliyense wonena kuti ndi yake, bwenzi ndalama za tonsefe zitatha kalekale. Choopsa china n'chakuti mwini dzina uja angathe kupita ndi chiphaso chake kukatenga simukadi ina ya nambala yomweyo. Yanuyo imangozima, ndipo mauthenga onse a nambala zachinsinsi amayamba kupita kwa iye.

Ngati muli nayo kale simukadi yotere, pitani ku ofesi ya kampaniyo mukafotokoze zoona zake, ndipo musasungemo ndalama zambiri mpaka nkhaniyo itakonzedwa.

Mnzanga alibe chiphaso ndipo akupempha changa kuti alembetsere simukadi yake. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ili ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa anthu amachita mwachifundo. Chilichonse chimene nambalayo idzachite chidzalondoledwa kwa inu. Tonse tinalandirapo mauthenga aja akuti "ndatumiza ndalama molakwika, ndibwezereni" kapena akuti mwawina mphoto ya mpikisano umene simunalowe. Atambwali amenewa salembetsa manambala m'maina awo, amadalira ziphaso za anthu ena. Apolisi akayamba kufufuza, khomo loyamba kugogoda ndi la mwini chiphaso. Mnzanuyo angakhale wokhulupirika, koma foni imabedwa, imagulitsidwa, imasiyidwa pa chikole. Muperekezeni ku ofesi ya kalembera kwa DC akapeze chake. Ndipo ejenti akajambula chiphaso chanu, muzionetsetsa kuti akulembetsa nambala imodzi yokha imene mwagula.

Foni yabedwa ndili paulendo. Ndiyambire pati?

Bwerekani foni muimbire kampani yanu kuti atseke nambala, kenako banki ngati nambalayo ndi yolumikizidwa ku akaunti. Mukatero kaneneni kupolisi ya pafupi. Simukuyenera kudikira mpaka mubwerere ku Zomba: ofesi ya kampaniyo ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Mangochi ingathe kukubwezeretserani nambala yomweyo, bola mwanyamula chiphaso ndipo dzina ndi lanu. N'chifukwa chake si nzeru kusunga chiphaso kuseri kwa kava ya foni monga ambiri amachitira, poti wakuba amatenga zonse pamodzi. Lero lomwe imbani *#06# pa foni yanu. Patuluka nambala yaitali ya IMEI, imene ili ngati dzina la foniyo. Ilembeni papepala, apolisi amaifuna.

Ndikupita ku Mozambique kapena ku Joni. Simukadi yanga ikagwira?

Kuti ikagwire, kampani yanu iyenera kukutsegulirani roaming, imene imalola simukadi kugwira ntchito pa netiweki ya dziko lina, ndipo ndi bwino kufunsa musananyamuke. Koma bandulo imene munagula kuno musaidalire kunja. Intaneti ya roaming ili ndi mitengo yakeyake ndipo imadya mayunitsi mofulumira kwambiri. Amene amayenda pafupipafupi amachita chonchi: simukadi ya kuno amaisiya m'foni kuti azilandira mauthenga a kubanki, koma data roaming amazimitsa, kenako amagula simukadi ya komweko ya intaneti. Ku Mozambique kuli Vodacom, Movitel ndi Tmcel. Ku South Africa kuli lamulo la RICA, limene nalonso limafuna kuti simukadi ilembetsedwe, ndipo kumeneko amafunsa pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala.

WhatsApp yanu siisintha chifukwa mwaika simukadi ina. Imapitiriza pa nambala ya +265 ndipo abale amakupezani monga kale. Musangoifufuta n'kuikanso muli kunja, chifukwa idzafuna nambala yotsimikizira imene imatumizidwa ku simukadi ya kuno.

Sindinawoloke malire koma foni ikuonetsa netiweki yachilendo. Chachitika n'chiyani?

Mafunde a foni sadziwa malire. M'madera ngati Nayuchi, Chiponde kapena kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, nsanja ya ku Mozambique ingathe kumveka mwamphamvu kuposa ya kwathu, ndipo foni imene inasiyidwa kuti izisankha yokha imalumphira komweko. Lowani mu settings, musankhe nokha TNM kapena Airtel, ndipo muzimitse data roaming.

Kodi ndi zololedwa kukhala ndi masimukadi a makampani onse awiri?

Inde, bola onse ali m'dzina lanu. Kwa munthu woyenda m'boma la Zomba ndingalimbikitse zimenezo. Dera lathu ndi lamapiri, ndipo phiri limatchinga netiweki. Mungakhale ndi 4G yabwino pa Chinamwali kapena ku Matawale, koma mukakwera kudutsa Ku Chawe kulowera ku Chingwe's Hole, kapena mukatsikira ku Kachulu kukakwera bwato la ku Chisi, zinthu zimasinthasintha, ndipo pamene kampani ina yafooka inzake nthawi zina imagwira. Musanakwere phiri koperani mapu a Zomba mu Google Maps kuti azigwira popanda intaneti. GPS sifuna bandulo, ndipo nkhungu ikatsika kumtunda kuja njira za m'nkhalango zimafanana zonse. Nyamulaninso power bank, chifukwa foni ikamasakasaka netiweki batire imatha msanga.

Nanga ndikamagwiritsa ntchito WiFi yokha, lamuloli likundikhudza?

Kulowa pa WiFi ya kuloji, ya kusukulu, kapena ya malo amene anaika Starlink, imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, sikufuna simukadi. Koma Gmail, Facebook kapena banki ikakayika kuti ndinudi, imatumiza nambala yotsimikizira ku foni imene munaipatsa. Simukadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka ndipo nambalayo ingaperekedwe kwa munthu wina. Ngati mukupita kunja kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kwa miyezi yambiri, funsani kampani yanu kuti nambala imakhala nthawi yotalika bwanji isanatsekedwe, ndipo mugwirizane ndi m'bale kuno kuti aziithira timayunitsi mwa apo ndi apo.