Si Kulodzedwa Ayi: Uthenga kwa Amalawi a ku Joni Amene Zoopsa Sizikuwachoka M'mutu

Chichitikireni moto wa pa 31 Ogasiti 2023 pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70 kuphatikizapo Amalawi, tikumvabe mawu amodzimodzi: "Uje anamulodza, usiku akumakuwa kuti moto." Ena mwa inu munapulumuka zipolowe za mu Meyi 2008 zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Ena achifwamba anakulozani mfuti pochokera ku ntchito. Papita zaka, koma thupi likuchitabe ngati zachitika m'mawa uno. Amenewa ndi matenda, madokotala amawatcha PTSD (vuto la m'maganizo lobwera pambuyo pa zoopsa), ndipo amachizika. Si ufiti.

Mverani mmene zimachitikira. Tsiku limene munatsika basi pa Park Station kuchokera ku Blantyre mumalikumbukira ngati nkhani: ili ndi poyambira, pakati ndi pothera, ndipo mumadziwa kuti ndi zakale. Pa nthawi ya zoopsa ubongo susunga choncho. Kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kali ngati galu wolondera, kamauwa ndi mphamvu zonse, pamene hippocampus, imene imasanja zochitika ndi kuzipatsa nthawi ndi malo, imasokonezeka. Chotsala ndi zidutswa: fungo la utsi, kulira kwa mwana, kuzizira kwa chitsulo pakhosi. Zidutswazi zilibe deti. Ndiye mbaula ya oyandikana nawo ikafuka mu Julayi, kapena makombola a chisangalalo akaphulika ku Hillbrow usiku wa chaka chatsopano, chidutswa chimadzuka, mtima n'kugunda, thukuta n'kutuluka, munthu n'kumaona zonse ngati zikuchitika panopa. Apa ndi pamene achibale amati mzimu wamulowa. Palibe mzimu. Ndi galu uja akuuwa chifukwa sanauzidwe kuti ngozi inatha.

N'chifukwa chakenso munthu wotere amakumbukira bwinobwino nsapato za wachifwamba koma n'kulephera kunena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Akafotokoza lero mosiyana pang'ono ndi dzulo, musamuthamangire kuti ndi wabodza.

Zizindikiro zina mwachidule: maloto oopsa, kusowa tulo, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupsa mtima msanga, kulambalala msewu umene zinachitikira, kudzipatula kwa anzake. M'masabata oyamba zimenezi zimachitikira anthu ambiri ndipo kawirikawiri zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi umodzi, kapena zikamakulepheretsani ntchito, pitani ku kiliniki.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi kuchedwa. Munthu amayamba watha malipiro a miyezi ingapo kwa asing'anga a pa timapepala tomata m'mapolo a m'tauni, kenako n'kuyamba kusaka womulodza pakati pa abale ake kumudzi, maubale n'kuphwasuka, matenda ali pomwepo. Kupemphera sitikuletsa, pempherani, koma pitaninso kuchipatala. Ndipo abambo, mawu akuti "mwamuna salira" atipweteketsera ambiri. Mowa ndi chamba zimagonetsa usiku umodzi, mawa zidutswa zija zimabwera ndi ukali woposa. Mapilisi ogonetsa ogula mwamseri nawonso sachiza matendawa, amangokusandutsani kapolo wake.

Chithandizo chachikulu ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, mwa njira zotchedwa trauma-focused CBT kapena EMDR. Pang'onopang'ono, pamalo otetezeka, amakuthandizani kulumikiza zidutswa zija kukhala nkhani imodzi yokhala ndi pothera, mpaka ubongo uvomere kuti zinadutsa. Ena amapatsidwanso mankhwala ndi dokotala. Achibale, musamukakamize munthu kufotokoza zonse pagulu. Mumumvere pamene wafuna yekha, ndipo mumuperekeze.

Yambirani pa kiliniki ya boma imene muli nayo pafupi, muuze namwino zimene zinakuchitikirani ndi mmene mukugonera. Bungwe la CSVR ku Johannesburg limapereka uphungu kwa anthu amene anakumana ndi nkhanza, kuphatikizapo obwera kuchokera kunja. Amene wagwiriridwa afike ku Thuthuzela Care Centre (malo a boma othandizira ogwiriridwa) kapena chipatala chilichonse pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ngati wina wayamba kunena zodzipha, musamusiye yekha ndipo musadikire kuti kuche: imbani ku SADAG, bungwe lothandiza pa matenda a m'maganizo, pa 0800 567 567, nambala yaulere, kapena thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.