Mayi ali ndi ufulu woyezetsa magazi ndi kumwa mankhwala a HIV

Amayi ambiri m'Malawi muno akudziwa kale kuti kachilombo ka HIV kamafala makamaka pogonana mosadziteteza, ndiponso kuti munthu sangakatenge polumidwa ndi udzudzu kapena podyera mbale imodzi ndi wodwala. Chovuta n'chakuti mayi wodziwa zonsezi nthawi zambiri alibe mawu m'nyumba mwake. Ndalama yokwerera kabaza popita kuchipatala amachita kupempha kwa bambo, ndipo akatchula za kondomu amafunsidwa kuti, "Kodi wayamba kuyenda ndi ndani?"

Kuyezetsa magazi ndi kulandira ma ARV m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo mayi safunikira chilolezo cha mwamuna wake, apongozi kapena ankhoswe. Zotsatira zake ndi chinsinsi chake.

Kuyambira mu 2011, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo ndipo amamwa moyo wake wonse, zomwe zimateteza iye mwini komanso mwana. Koma popeza amayi amayezedwa ku sikelo pamene amuna ambiri sanayezetseko, mayi ndiye amayamba kudziwa, kenaka n'kunenedwa kuti ndiye wabweretsa matenda pakhomo. Kumeneku n'kulakwa, chifukwa woyamba kudziwa sakhala nthawi zonse woyamba kutenga. Mantha oterewa ndi amene amachititsa amayi ena kubisa botolo la mankhwala pansi pa thumba la ufa, n'kumadumphitsa masiku bambo akakhala pakhomo. Kudumphitsako kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuyamba kusamva mankhwala, pamene munthu womwa mwandondomeko mpaka kachilombo kusaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Mayi woopa kuulula yekha angapemphe mlangizi wa zaumoyo kuti awayeze limodzi ndi mwamuna wake ndi kuwafotokozera onse awiri.

Mayi amene alibe kachilombo koma akukayika mayendedwe a mwamuna wake afunse kuchipatala za PrEP, mankhwala oteteza munthu asanatenge kachilombo. Wogwiriridwa athamangire kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi ngati kalowa, omwe amamwedwa masiku 28.

Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa miyambo yofalitsa kachilombo monga kulowa kufa ndi fisi. Womenyedwa kapena wothamangitsidwa pakhomo chifukwa cha zotsatira za magazi akadandaule ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.