Kupweteka kwa Chiuno Si Matenda a Okalamba Okha

Anthu ambiri muno mu Lusaka amakhulupirira kuti mfundo ya m'chiuno imawonongeka ndi ukalamba basi, choncho mnyamata wosewera mpira ku Matero kapena ku Chawama akadandaula za ululu m'mphechepeche, amangouzidwa kuti wakoka mnofu. Nthawi zina gwero lake ndi kaumbidwe ka fupa.

M'chaka cha 2003, dokotala Reinhold Ganz ndi anzake a ku Bern, ku Switzerland, anafotokoza kuti mwa anthu ena mutu wa fupa la ntchafu sukhala wobulungira bwino, kapena m'mphepete mwa chibowo chimene mutuwo umalowamo mumatulukira kwambiri, motero mafupa awiriwa amagundana. Mbali yotukuka imene imalepheretsa mutu wa fupalo kukhala wobulungira kawirikawiri imakula pa unyamata, makamaka mwa ochita masewera mwamphamvu.

Popeza n'kovuta kuyeza mphamvu mkati mwa mfundo ya munthu wamoyo, akatswiri amatenga zithunzi zounika m'kati mwa thupi zotchedwa CT kapena MRI, n'kuumba chiuno pa kompyuta, kuchigawa m'tizigawo zikwizikwi, ndi kuwerengera kupanikizika kwa kachigawo kalikonse. Zotsatira zimasonyeza kuti poyenda sipakhala vuto lalikulu, koma munthu akapinda mwendo kwambiri, monga pokhala pampando waufupi kapena ponjuta, chichereŵechereŵe cha kutsogolo ndi kumtunda kwa chibowocho chimafinyika mopitirira muyeso, ndipo m'kupita kwa zaka chimatha kunyenyeka.

Komabe, ambiri ali ndi fupa lotere popanda ululu uliwonse, n'chifukwa chake dokotala sagamula ndi chithunzi chokha. Amafunsanso zizindikiro ndi kupima kayendedwe ka mwendo, ndipo thandizo limayamba ndi mafizo opaleshoni isanaganiziridwe.