Mwana wokonda manga tingamupatse buku lanji?

Mayi wina adalowa mu laibulale yomwe ndimagwiramo ntchito atagwira dzanja mnyamata wake wa fomu 2, ngati akupita naye kuchipatala. "Bambo, mwanayu sawerenga," adatero. "Kutacha kutada ali pa foni ndi makatuni ake a ku Japan. Mumupezereko buku lenileni." Mnyamatayo adangozyolika. Nditamufunsa chimene amawerenga pa fonipo, adayankha chapansipansi kuti wangomaliza Naruto. Yoonera kapena yowerenga? Yowerenga, yonse.

Naruto yonse ndi mabuku 72, mitu 700, yomwe Masashi Kishimoto adalemba ndi kujambula kuyambira 1999 mpaka 2014. Buku lililonse lili ndi masamba pafupifupi 190, ndiye mukachulukitsa mupeza masamba oposa 13,000. Ndidawauza mayiwo kuti mwa akuluakulu amene amabwereka mabuku kwa ine, ndi owerengeka amene adatsatirapo nkhani imodzi mtunda wautali chotere. Sadakhutire kwenikweni, koma adakoka mpando nkukhala.

Manga, monga Naruto imeneyi, ndi nthano zojambula za ku Japan. Zambiri sizikhala ndi mitundu, zimangokhala zakuda ndi zoyera, ndipo zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, moti kumene ife timati ndi kumapeto kwa buku ndiko kumayambiriro. Izi aliyense amaziona msanga. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi momwe nkhanizi zimabadwira. Sizituluka ngati buku lathunthu poyamba. Zimayamba kutuluka m'magazini, mutu umodziumodzi. Magazini yotchuka kwambiri, Weekly Shōnen Jump, idayamba mu 1968, ndipo sabata iliyonse imakhala ndi nkhani zambiri zosiyanasiyana, iliyonse masamba pafupifupi 20. Owerenga amasankha nkhani zomwe zawasangalatsa, ndipo nkhani imene ikungokhala kumchira amaidula isanafike pomwe mwini wake amafuna. Mlembi wa manga amalemba akudziwa kuti sabata ino akalephera kukusiyani ndi funso, sabata yamawa alibe ntchito. Nchifukwa chake mutu uliwonse umathera pamene mtima uli m'mwamba.

Apa ndi pamene pali ubale weniweni ndi nthano zazitali, zimene pachingerezi amati novel. Mabuku ambiri amene lero timawaika pa shelefu yapamwamba nkumawatchula mwaulemu adabadwa chimodzimodzi. Great Expectations ya Charles Dickens inkatuluka sabata ndi sabata m'magazini mu 1860 ndi 1861. The Count of Monte Cristo ya Alexandre Dumas inkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Paris kuyambira 1844 mpaka 1846. Anthu ankadikira gawo lotsatira monga momwe mnyamata uja amadikirira mutu watsopano, ndipo alembiwo ankadziwa bwino pomwe ayenera kuimitsira nkhani kuti owerenga agulenso. Mwana amene wazolowera manga wazolowera kale zinthu zimene zimagwetsa ulesi owerenga ambiri: kusunga m'mutu ampangankhani makumi angapo, kukumbukira lonjezo lomwe lidanenedwa m'buku lachitatu likamakwaniritsidwa m'buku la 40, kupirira nkhani ikapatukira kwina kwa kanthawi.

Ndipo mbali ziwirizi zakhala zikubwerekana moto kuyambira kale. Dragon Ball ya Akira Toriyama, yomwe idayamba mu 1984, idatapa mpangankhani wake wamkulu m'nthano yaitali ya ku China ya zaka za m'ma 1500, Journey to the West. Vagabond ya Takehiko Inoue idachokera m'buku la Eiji Yoshikawa lotchedwa Musashi, lomwenso linkatuluka m'nyuzipepala ya Asahi Shimbun kuyambira 1935 mpaka 1939. Osamu Tezuka, amene ambiri amamutenga ngati kholo la manga amakono, adajambula Crime and Punishment ya Dostoevsky mu 1953.

Nanga ngati ubale uli chotere, bwanji mwana wa manga amatsegula nthano yaitali, nkuwerenga masamba asanu, nkuitseka?

Vuto lagona pa ntchito ya diso. Mu manga, nkhope ya munthu, zovala zake, mudzi umene akukhala, mkwiyo wake, zonse diso limazilandira kamodzi. Ntchito ya wowerenga ili pa mpata wa pakati pa chithunzi ichi ndi chotsatira: apa munthu wakweza lupanga, apo mnzake ali pansi, ndipo kutema kwenikweniko wakuona m'mutu mwake wowerengayo. Ndi luso ndithu limeneli, ndipo akulu amene sadazolowere amasokera pa tsamba loyamba. Nthano yaitali imafuna luso lina. Imakupatsa mawu okhaokha, iwe umange wekha nyumba, nkhope ndi nyengo. Ndime yaitali yofotokoza chipinda, yomwe mu manga ikadakhala chithunzi chimodzi, ndiyo imamugwetsa mwanayo. Kuno kwathu palinso katundu wina pamwamba: zonsezi amaziwerenga m'Chingerezi. Tsamba la manga lili ndi ziganizo zochepa, ndipo liwu likamuvuta chithunzi chimamuthandiza. Tsamba la nthano yaitali lilibe pogwira.

Ndivomereze kulakwitsa kwanga. Poyamba ndinkaganiza kuti wokonda manga ndi wokonda Japan, ndiye ndinkawapatsa buku lililonse lokhala ndi lupanga kapena phiri la Fuji pachikuto. Ankabweza mawa lake. Ndinkadaliranso mayina aja mumawamva, shonen, shojo, seinen ndi josei, ngati kuti akunena mtundu wa nkhani. Mayinawa amangonena anthu amene magaziniyo idawalembera: anyamata, atsikana, amuna akuluakulu, akazi akuluakulu. M'gulu la shonen muli nkhani za mpira, za upandu, za kuphika, za mizukwa. Kudziwa kuti mwana amakonda shonen kuli ngati kudziwa kuti amakonda ndiwo.

Masiku ano ndimafunsa funso limodzi: m'nkhani imeneyi, ndi pati pamene sunafune kuti foni ithe moto? Yankho lake ndilo limandilozera shelefu.

Amene amakonda Death Note nthawi zambiri satchula za mizimu. Amatchula anthu awiri ochenjera akutcherana misampha, wina wopalamula wina womusaka. Ameneyo ndimamupatsa nkhani zazifupi za Sherlock Holmes, zolembedwa ndi Arthur Conan Doyle, poti iliyonse imatha pa nthawi imodzi yokhala pansi, ndipo akakula pang'ono Crime and Punishment imamudikira, ndi funso lomwelo la munthu wodziyesa woyenera kuweruza amene afe. Amene amakonda One Piece, yomwe Eiichiro Oda adaiyamba mu 1997 ndipo idadutsa mabuku 100, amakamba za gulu la abwenzi m'ngalawa imodzi, aliyense ndi khalidwe lake. Kwa iye Treasure Island ya Robert Louis Stevenson ndi The Three Musketeers ya Dumas ndi kwawo. Mnyamata wa Naruto uja adandiuza kuti chimene chidamugwira ndi mwana wamasiye wonyozedwa m'mudzi mwake, amene ali ndi chinthu choopsa m'kati mwake, ndi mnzake amene akupikisana naye. Pamenepo ndidakumbukira A Wizard of Earthsea ya Ursula K. Le Guin, ya 1968: mnyamata waluso koma wodzikuza amene, pofuna kuposa mnzake pasukulu, adamasula chithunzithunzi chomwe chidayamba kumulondola. Mulibe Japan m'bukumo, koma mtima wa nkhaniyo ndi womwewo.

Pali mtundu wina wa mabuku a ku Japan umene umakhala pakati, wotchedwa light novel. Ndi nthano zolembedwa m'mawu, koma zazifupi, zodzaza ndi zokambirana, zokhala ndi zithunzi zamtundu wa manga apo ndi apo. Makanema ambiri a anime, makatuni a ku Japan aja, amene achinyamata amaonera adachokera m'mabuku otere. Ena mwa anzanga pantchito amawapeputsa. Ine ndimati ngati mwana adziwa kale nkhope za ampangankhani kuchokera mu kanema, theka la ntchito yomanga chithunzi m'mutu latha, ndipo akhoza kulimbana ndi mawu okha.

Posankha buku, musadalire chikuto. Litseguleni pakati muone maonekedwe a tsamba. Ngati pali anthu akuyankhulana, mizere yaifupi, mitu yosapitirira masamba khumi, ndi poyambira pabwino. Ngati tsamba lonse ndi khoma limodzi la mawu, lisungeni kaye. Buku lokhala ndi magawo otsatizana limaposa buku loima palokha, chifukwa mwanayu adazolowera kukhala ndi anthu omwewo nthawi yaitali ndipo sakonda kutsanzikana nawo msanga. Mabuku akale aja a Dumas, Stevenson ndi Conan Doyle amapezeka ofupikitsidwa m'Chingerezi chosavuta kwa ogulitsa mabuku akaunjika, ndipo athunthu ali aulere pa webusaiti ya Project Gutenberg, pa foni yomweyo imene mayi aja ankadandaula nayo.

Chenjezo kwa makolo nlakuti zojambula sizitanthauza za ana. Vagabond ija ili ndi magazi ambiri, ndipo manga ena ali ndi zakuchipinda zosabisa. Mabuku a manga otanthauziridwa m'Chingerezi nthawi zambiri amalemba msinkhu woyenera kuchikuto chakumbuyo. Pa intaneti chizindikiro chimenechi chimasowa, ndiye funsani dzina la nkhaniyo mulifufuze nokha.

Chimodzi chokha ndidawakaniza mayi aja: kulanda foni kuti buku lilowe. Buku likabwera ngati chilango, mwana amalida lisanatsegulidwe, ndipo amaphunzira kuti zimene iye amakonda nzachabechabe pamaso pa akulu. Ndidawapempha kuti amusiye apitirize manga ake, buku likhale pambali pake.

Mnyamatayo ndidamupatsa mabuku atatu, ndi chilolezo chosiya lililonse limene lamutopetsa akafika tsamba 30. Awiri adabweza sabata yomweyo, osapindika ngakhale kona. La Le Guin adakhala nalo mpaka tsiku lobweza lidadutsa ndi masabata awiri, ndipo atabwera ndidamulipiritsa chindapusa monga mwa lamulo. Adalipira ndi mayi ake.