Jakisoni wa pamsana sapundula mayi, tisiye kuopsezana

Sabata siitha ndisanamve mawu awa pakhomo la thiyeta: "Adokotala, chonde pamsana pokha ayi, ingomugonetsani." Kawirikawiri wonena si mwini mimba. Amakhala amayi ake kapena apongozi ake, amene anamva kwa wina, winayo anamvanso kwa wina, kuti mayi wakutiwakuti anabayidwa pamsana ndipo mpaka lero khasu saligwira. Ine ntchito yanga ndi yogonetsa ndi kuchititsa dzanzi odwala opita ku opaleshoni kuno ku Ntcheu, ndipo nkhani imeneyi yandifika pakhosi, chifukwa pamene tikunyengererana pakhomo, mwana m'mimbamo akubanika.

Chingwe chachikulu cha mitsempha chochokera ku ubongo sichitsika mpaka kumapeto kwa msana. Mwa munthu wamkulu chimathera chakumtunda kwa chiuno, ndipo ife timabaya m'munsi mwa pamenepo, pampata wa pakati pa mafupa awiri. Singano yake ndi yopyapyala, mankhwala ake sadzadza ngakhale kasupuni ka tiyi. Miyendo imatentha, kenako imalemera, dzanzi n'kukwera mpaka cha pachifuwa. Pakapita maola awiri kapena anayi zala zakumapazi zimayamba kugwedezeka. Mayi amakhala ali maso, akudzipumira yekha, ndipo kulira koyamba kwa mwana wake amakumva.

Zovuta zilipo, sindikubisa. BP imatha kutsika, n'chifukwa chake timayambira dripu ndipo sitichoka kumutu kwa wodwala. Ena amanjenjemera, ena amachita mseru. Ochepa mutu umawapweteka akadzuka kukhala tsonga, n'kumaleka akagona chagada. Mutu wotere muuzeni namwino, thandizo lake lilipo. Kuwonongeka kwa mtsempha kosachiritsika n'kosowa kwambiri. Nanga msana umene amayi amadandaula? Funsani amene anachira bwinobwino osabayidwa, ambiri akuuzani kuti nawonso unawawa. Munthu wasenza mimba miyezi 9, kenako mwana kumbuyo, chilonda chisanapole n'komwe ali kale m'munda wa mbatata ku Tsangano, koma mlandu wonse ugwere singano?

Izi zinafufuzidwa m'dziko mwathu muno. Pakati pa 1998 ndi 2000 anatsatira maopaleshoni a siza (otulutsa mwana m'mimba) 8,070 m'zipatala 25 za m'Malawi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2003 m'magazini ya madokotala ya BMJ. Amayi 85 anamwalira. Mwa zinthu zimene zinkayendera limodzi ndi imfa munali kung'ambika kwa chiberekero, kutaya magazi ambiri, ndi kugonetsedwa kotheratu m'malo mobayidwa pamsana. Zoona, ogonetsedwa kotheratu nthawi zambiri amakhala amene afika atatheratu kale. Komabe ife a ntchitoyi tikudziwa chifukwa chake timakuopa kugonetsa mayi wapakati. Kukhosi kwake kumakhala kotupirapo, ndiye kulowetsa chubu chopumira kumavuta. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba mwake, makamaka matenda akayamba. Munthu wogonetsedwa satsokomola, akasanza zonse zimatha kutsikira m'mapapo.

Pali mayi wina amene mpaka pano sandichoka m'mutu. Mwana wake woyamba anabadwa pa siza, ndipo ku sikelo anamuuza, n'kulembanso m'buku mwake, kuti mwezi womaliza akakhale ku chidikiro. Sanapite. Kumudzi anamuuza kuti munthu sabayidwa pamsana kawiri, kachiwiriko amapuwala, ndiye bola ayesere pakhomo. Matenda atachedwa kukula anamumwetsa mwanamphepo, n'kumupatsanso phala kuti apeze mphamvu zokankhira. Anafika kwa ife usiku, pambuyo pa kabaza ndi ambulansi, milomo itayera, thukuta lozizira lili chuchuchu, mtima ukuthamanga koma osamveka bwino pamkono. Ndinafunsa gadiyani wake, mayi wachikulire ndithu: "Amayi, mwanayu wadya chiyani? Wamwa mankhwala alionse?" Anayang'ana pansi n'kuyankha kuti sanalawe kanthu chim'mawire.

Chipsera chakale cha chiberekero chinali chitang'ambika, magazi atadzadza m'mimba. Munthu wotaya magazi chotere sitingamubaye pamsana, BP ingathereretu. Panatsala njira yoopsa yomwe ija, kumugonetsa kotheratu. Tikulowetsa chubu, kukhosi kunatulukira phala losakanikirana ndi madzi obiriwira, ndipo tinalimbana ndi makina okokera masanzi kuti zisalowe m'mapapo. Mwana anali atatisiya kale. Mayiyo anapulumuka, koma chiberekero chinachotsedwa, ndipo anali wamng'ono, zaka za m'ma 20. M'mawa mwake gadiyani uja anandipeza pakhonde n'kunena chapansipansi kuti, "Tinaopa kuti mutikalipira." Ndinasowa chomuyankha. Jakisoni amene anamuthawa akanamulola kumuona mwana wake ali moyo, akanakhala kuti anabwera tsiku lake.

Choncho tikafunsa kuti mwadya liti, sitikuzenga mlandu. Yankho lanu ndi limene limatiuza njira yoti titsate. Pa opaleshoni yokonzekera, chakudya musiye maola 6 isanachitike, ndipo thobwa, phala ndi tiyi wamkaka zonsezi ndi chakudya. Madzi okha mutha kumwa mpaka maola awiri isanayambe, pokhapokha akuuzani zina. Pa opaleshoni yadzidzidzi palibe amene angakubwezeni chifukwa mwadya, ingonenani zoona. Nenaninso za mankhwala a BP, a shuga, a mphumu, ma ARV, ndi zitsamba zilizonse. Ngati wachibale wanu anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa, tiuzeni.

Za mwanamphepo ndilankhule mosapsatira. Palibe amene amadziwa mlingo wake, ngakhale wokumba muzuwo. Mankhwala athu oyambitsa matenda a kubereka timawayeza, ndipo tikaona kuti mimba ikukoka mopitirira timatseka dripu. Chimene chamwedwa m'chikho simungachitseke. Kwa mayi wachipsera ndiye n'kusewera ndi moto. Chimodzimodzi ndi anyamata ogulitsa mapiritsi ndi majakisoni ochepetsa ululu pamisika, kaya pa Lizulu kaya pa Kampepuza. Munthu m'mimba mwatupa, matumbo apotana, iwo akumuziziritsa ululu masiku atatu, kufika kwa ife matumbo atawola. Mafumu athu, monga a Inkosi Kwataine, akhala akulankhula za uchembere wabwino kwa zaka zambiri, koma mawu a pamtondo akadali ndi mphamvu kuposa zolembedwa m'buku la sikelo.

China chimene anthu sachidziwa n'chakuti ngozi siithera ku thiyeta. Mwa amayi 85 aja, 65 anamwalirira mu wodi opaleshoni itatha. Kafukufuku wina wamkulu, wa m'mayiko 25 a mu Africa, amene anatuluka mu 2018 m'magazini ya The Lancet, anatsatira odwala oposa 11,000 ndipo anapeza kuti pafupifupi onse amene anamwalira anamwalira m'masiku otsatira, osati tsiku la opaleshoni. Anamwino ndi ochepa, usiku mmodzi amayang'anira wodi yodzadza. Inu agadiyani ndinu maso athu. Wodwala akatuluka ku thiyeta musathamangire kukhitchini kukaphika, khalani pambali pake. Nsalu zikamanyowa magazi motsatizana, manja akazizira, akamapempha madzi mosalekeza, akamapuma mothamanga, kapena akayamba kulankhula zosamveka ndi kuvuta kudzutsa, musadikire kuti adokotala adzazungulire m'mawa. Pitani mukagogode kwa namwino nthawi yomweyo, ndipo akachedwa bwereraninso. Ululu nawonso musauze wodwala kuti apirire ngati mzimayi weniweni. Womva ululu sapuma mokoka, satsokomola, sadzuka kuyenda, ndipo chibayo chimayambira pamenepo. Pemphani mankhwala, ndipo akamwa koma ululu ukungokulirakulira, kanenenso.